Wailesi ya m'thumba yotsika mtengo: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri amene amafunsa za wailesi ya m'thumba amakhala kuti ali kale ndi foni yamakono, ndipo chimene amafuna kudziwa kwenikweni n'chakuti kachipangizo kachikale koteroko kangawathandizenso chiyani. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza mawailesi ang'onoang'ono oyendera mabatire, amene amakwana m'dzanja kapena m'thumba la malaya, osati mawailesi akuluakulu a pabalaza kapena a m'galimoto.

Kodi wailesi ya m'thumba ikadali ndi ntchito pamene foni imatha kuchita zinthu zambiri?

Ikadali nayo, ndipo chifukwa chake chagona pa njira imene mawu amafikira kwa womvera. Nyumba youlutsira mawu imatumiza mafunde ake m'mlengalenga kamodzi kokha, ndipo aliyense amene ali ndi wailesi m'dera limene mafundewo akufika amawalandira nthawi yomweyo. Kaya omvera ndi khumi kaya ndi mamiliyoni, mawu sachepa mphamvu ndipo palibe amene amadikira mnzake. Kumvera pa intaneti n'kosiyana, chifukwa foni iliyonse imafuna kulumikizidwa payokha, choncho anthu akachuluka pa nsanja imodzi ya netiweki, mawu amayamba kudukaduka kapena kusiyiratu.

Chachiwiri ndi ndalama. Munthu akagula wailesi ndi mabatire, kumvera sikulipiritsanso kanthu. Sipafunika simukhadi, bandulo, akaunti kapena nambala yachinsinsi. Pa intaneti, siteshoni youlutsa pa liwiro la 64 kbps imadya pafupifupi 29 MB pa ola limodzi, ndipo ya 128 kbps imadya pafupifupi 58 MB. Munthu womvera maola atatu pa tsiku pa liwiro lotsikalo amatha ma GB oposa awiri ndi theka pa mwezi pa wailesi yokha.

Chachitatu ndi batire la foni. Foni ndi imene munthu amaimbira achibale, kulandirira mauthenga ndi kupemphera thandizo, choncho si nzeru kuthera moto wake pa nyimbo ndi nkhani pamene kawailesi ka mabatire awiri kangagwire ntchito yomweyo kwa masiku angapo. Pali mfundo inanso imene ambiri saiganizira: wailesi imangolandira, situmiza kalikonse, ndipo palibe kampani imene ingadziwe chimene mukumvera kapena kumene muli.

Nanga ngati foni yanga ili kale ndi wailesi ya FM mkati?

Imeneyo ndi yothandiza, ndipo sidya bandulo. Komabe mafoni ambiri otere amafuna kuti mulowetse mahedifoni a waya, chifukwa wayayo ndi amene amagwira ntchito ya eliyo. Mafoni ambiri atsopano alibenso bowo la mahedifoni, ndipo ena alibiretu FM. Ngakhale pamene ilipo, imamvabe moto wa batire lomwelo la foni, ndipo AM simungaipeze.

Kodi mawailesi a m'thumba anayamba liti?

Asanabwere, mawailesi ankayendera timababu tagalasi totentha, tofuna magetsi ambiri, ndipo wailesi inali katundu wokhala malo amodzi m'nyumba. Zinthu zinasintha kachipangizo kotchedwa transistor katapangidwa mu 1947 ku Bell Laboratories ku America ndi John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley. Wailesi yoyamba ya transistor kugulitsidwa kwa anthu wamba inali Regency TR-1, imene inatuluka mu 1954. Kampani ya ku Japan imene lero imatchedwa Sony inatulutsa TR-55 mu 1955, kenako TR-63 mu 1957, ndipo iyi ndi imene inafalitsa kwambiri lingaliro lakuti wailesi ingayende ndi mwini wake kulikonse. Kuyambira pamenepo mitengo inatsika chaka ndi chaka mpaka wailesi inakhala chimodzi mwa zipangizo zamagetsi zofala kwambiri padziko lapansi. Bungwe la UNESCO linakhazikitsa mu 2011 kuti pa 13 February chaka chilichonse pazikhala tsiku lokumbukira wailesi padziko lonse.

Kodi FM, AM ndi SW zimasiyana bwanji, ndipo ndifunika iti?

Zonsezi ndi mafunde a wailesi, koma amasiyana kutalika kwake ndiponso mmene amayendera. FM imapezeka pakati pa 87.5 ndi 108 MHz m'maiko ambiri (MHz ndi kHz ndi miyeso ya manambala otcherera masiteshoni). Mawu ake ndi oyera, nyimbo zimamveka bwino, ndipo sisokonezedwa kwenikweni ndi mphenzi kapena zipangizo zamagetsi. Njira imeneyi inapangidwa ndi Edwin Armstrong m'zaka za m'ma 1930. Vuto lake n'lakuti mafunde ake amayenda molunjika, choncho phiri, chigwa chakuya kapena mtunda wautali zimawatsekereza. Munthu wokhala kuseri kwa phiri angalephere kugwira siteshoni imene mnzake wa pamtunda akuimva bwinobwino, ngakhale wailesi zawo zili zofanana.

AM, imene pa mawailesi ena imalembedwa MW, imapezeka kuyambira cha pa 530 mpaka cha pa 1600 kHz, ndipo m'maiko a ku America imafika pa 1700 kHz. Mafunde ake amatsata nthaka ndipo amafika kutali kuposa a FM, koma mawu ake si oyera kwenikweni ndipo amatola phokoso mosavuta. SW ili pakati pa 3 ndi 30 MHz. Mafunde ake amakwera kumwamba, n'kubwezedwa ndi mpweya wa m'mlengalenga wotchedwa ionosphere, ndipo amakatsikira makilomita mazana kapena masauzande ambiri kutali. N'chifukwa chake nyumba zoulutsira mawu kumaiko akunja zakhala zikudalira SW kwa zaka zambiri, ngakhale zambiri mwa izo zachepetsa maola ake.

Kwa munthu wokhala m'tauni kapena pafupi ndi tauni, FM yokha ndi yokwanira pa tsiku ndi tsiku. Wokhala kutali ndi milongoti youlutsira mawu, kapena woyenda maulendo ataliatali, achite bwino kusankha yokhala ndi AM. SW pa wailesi yotsika mtengo kwambiri nthawi zambiri imakhala yongokometsera bokosi: imagwira masiteshoni amphamvu okha, ndipo kuitchera bwino kumafuna chala chodekha.

N'chifukwa chiyani usiku wailesi ya AM imagwira masiteshoni akutali amene masana sapezeka?

Masana dzuwa limachititsa kuti chigawo chapansi cha ionosphere chizimeza mafunde a AM asanafike pamwamba. Dzuwa likalowa chigawocho chimazilala, ndipo mafunde amafika pa zigawo zapamwamba zimene zimawabweza pansi kutali kwambiri. Motero usiku munthu amamva zilankhulo zachilendo, ndipo nthawi zina masiteshoni awiri amalowerana pamalo amodzi, mawu n'kumakwera ndi kutsika okha. Kumeneko si kuwonongeka kwa wailesi. Pa SW lamulo lake n'lakuti manambala okwera, monga 15 kapena 17 MHz, amagwira bwino masana, pamene otsika, monga 6 kapena 7 MHz, amagwira bwino usiku.

Ndingatani kuti wailesi izigwira bwino?

Choyamba n'kudziwa kuti wailesi ya m'thumba imakhala ndi maeliyo awiri, ngakhale kuti maso amaona imodzi. Kachitsulo kosololoka kaja ndi ka FM ndi SW. Kasololeni konse, ndipo ngati mawu sakuyera, kapendeketseni kapena kagonekeni chopingasa, chifukwa kusuntha pang'ono chabe kumasintha zinthu. Utali woyenerana bwino ndi mafunde a FM ndi pafupifupi masentimita 75, pamene maeliyo a mawailesi ang'onoang'ono amakhala afupi kuposa pamenepo, ndipo n'chifukwa chake kukhudza eliyo ndi chala nthawi zina kumakweza mawu: thupi limakhala ngati lawonjezera utali wake.

Eliyo ya AM ili mkati mwa wailesi. Ndi kandodo kakuda kokulungidwa waya wopyapyala, kogona chopingasa. Kusolola kachitsulo kakunja sikuthandiza kanthu pa AM. Chofunika n'kutembenuza wailesi yonse pang'onopang'ono mpaka mawu amveke mwamphamvu. Kandodoko kamagwira bwino pamene mbali yake yaitali yayang'ana kumene kukuchokera mafunde, ndipo kamagwira mochepa kwambiri pamene nsonga yake yaloza komweko. Womvera wochenjera amagwiritsa ntchito mfundo yomweyi pozimitsa siteshoni yosokoneza, poiloza ndi nsonga ya wailesi.

Malo nawonso ndi ofunika. Pafupi ndi zenera pamagwira bwino kuposa pakati pa nyumba, makamaka nyumba ya denga lachitsulo kapena ya makoma a konkire okhala ndi zitsulo mkati. Pamwamba pamaposa pansi. Anthu ena amalumikiza waya wa mamita angapo ku eliyo kuti agwire SW, ndipo zimathandiza, koma waya wotulukira kunja achotsedwe kukayamba ziphaliwali, ndipo asadutse pafupi ndi mawaya a magetsi.

Nanga phokoso lokhwekhweza limene limamveka ndikayatsa zinthu zina m'nyumba limachokera kuti?

Limachokera ku zipangizo zamagetsi zamakono. Matchaja a foni, mababu a LED, makompyuta, ma TV ndi ma inverter a sola amatulutsa timafunde tosafunika timene wailesi imatola, makamaka pa AM ndi SW. Njira yodziwira gwero lake ndi yosavuta: yendani ndi wailesi m'nyumba ili choyaka, ndipo pamene phokoso lakula kwambiri mwapeza chochititsa. Kawirikawiri kuichotsa wailesi mita imodzi kapena awiri kuchoka pa tchaja n'kokwanira. Wailesi yotchajidwa imasokosanso kwambiri ikamamvedwa ili pa tchaja, choncho ndi bwino kuitchaja kaye n'kumvera pambuyo pake. Kuthetheka kwadzidzidzi pa AM nyengo yamvula kumakhala mphenzi, ndipo kumamveka ngakhale mvulayo ikadali kutali.

Ndi iti yabwino: ya mabatire osintha kapena ya batire lotchaja lamkati?

Funso ili ndi lofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Wailesi ya mabatire a AA kapena AAA ili ndi ubwino umodzi waukulu, wakuti mabatire akatha mumaika ena ndipo imayakanso nthawi yomweyo, magetsi alipo kapena palibe. Batire la AA limasunga moto woposa kawiri wa AAA, choncho ngati kukula kwa wailesi sikukuvutani, sankhani ya AA. Mabatire otchaja a mtundu wa NiMH amalowa m'malo omwewo ndipo amagwira ntchito m'mawailesi ambiri, ngakhale amatulutsa mavoti 1.2 m'malo mwa 1.5.

Wailesi ya batire la lithium lamkati ndi yabwino kwa munthu amene amapeza magetsi kapena sola tsiku lililonse, popeza sagulanso mabatire. Koma batire lotere limafooka pakapita zaka, ndipo ngati linamatiridwa mkati, kufa kwake ndi kufa kwa wailesi yonse. Mawailesi ena amagwiritsa ntchito batire la lithium lochotseka, monga BL-5C kapena 18650, ndipo amenewa ndi abwinoko chifukwa lina limapezeka. Batire la lithium likayamba kutupa lisagwiritsidwenso ntchito, lisabooledwe, ndipo lisaponyedwe pamoto.

Chimene chimadya moto kwambiri ndi sipika. Kumvera motsitsa kapena pa mahedifoni kumatalikitsa moyo wa mabatire kwambiri kuposa kukweza voliyumu mpaka kumapeto. Chizindikiro cha mabatire ofooka ndi mawu osasa pamene mwakweza, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti sipika yaphulika pamene vuto ndi mabatire okha.

Mabatire atulutsa zoyera mkati mwa wailesi. Kodi yawonongeka?

Kawirikawiri imakonzeka ngati mwaziona msanga. Chotsani mabatirewo osakhudza zoyerazo ndi manja, chifukwa zimawotcha khungu ndipo n'zoopsa m'maso. Ngati mabatire anali a alkaline, pukutani tizitsulo ndi thonje lonyowetsedwa pang'ono ndi viniga, kenako palani dzimbiri modekha, ndipo dikirani kuti paume bwino musanaike ena. Kupewa kwake n'kuchotsa mabatire pamene wailesi ikhale milungu yambiri osagwiritsidwa ntchito, ndiponso kusasakaniza atsopano ndi akale, kapena a mitundu yosiyana.

Kodi n'zoona kuti wailesi ndi yofunika pa nthawi ya ngozi?

N'zoona, ndipo mabungwe oona za ngozi zadzidzidzi m'maiko ambiri amaiika pa mndandanda wa zinthu zoyenera kukhala nazo pakhomo, pamodzi ndi tochi ndi madzi akumwa. Namondwe, chivomerezi kapena kusefukira kwa madzi zikachitika, magetsi amazima, nsanja za mafoni zimagwa kapena kutha mafuta, ndipo zotsalazo zimadzaza chifukwa aliyense akuimba nthawi imodzi. Mlongoti umodzi wa wailesi umafikira dera lalikulu kwambiri kuposa nsanja imodzi ya mafoni, ndipo ngakhale siteshoni yapafupi itazima, ya dera lina imatha kumveka, makamaka pa AM. Kudzera pamenepo anthu amamva za misewu yoduka, malo othawirako, kumene kukuperekedwa thandizo ndi zanyengo ya maola akubwera.

Koma wailesi yosungidwa m'kabati kwa zaka zitatu, mabatire ali momwemo, siingathandize tsiku la ngozi. Iyesedwe kamodzikamodzi, mabatire osungira akhale pambali pake m'kathumba kouma, ndipo manambala a masiteshoni odalirika alembedwe pa kapepala komatidwa kumbuyo kwake, kuti aliyense m'nyumba, ngakhale mwana, athe kuitchera mumdima.

Kupatula ngozi, anthu amaigwiritsa ntchito yanji tsiku ndi tsiku?

Ubwino wa wailesi n'kuti imasiya manja ndi maso a munthu pa ntchito yake. Wokonza zinthu, wosoka, mlimi, mlonda wa usiku kapena wophika amamva nkhani, zanyengo ndi zokambirana popanda kuyang'ana galasi. Popeza ndi yotsika mtengo, munthu saopa kupita nayo pafumbi kapena pa utuchi pamene foni yodula sangaiike.

Okonda mpira amadziwanso chinthu china. Mawu a pa FM ndi AM amafika pafupifupi nthawi yomweyo imene wolengeza walankhula, pamene a pa intaneti amachedwa ndi masekondi angapo, nthawi zina ochuluka ndithu. Womvera pa intaneti amatha kumva anansi akukuwira chigoli iye asanachimve.

Kwa okalamba ndi kwa anthu osaona, wailesi ya mabatani awiri opotokola ndi yosavuta kuposa chipangizo chilichonse chokhudza pagalasi, chifukwa zala zokha zimaloweza pamene pali siteshoni iliyonse. Odwala ogona nthawi yaitali ndi anthu okhala okha amaipeza kukhala mnzawo wocheza naye. Ophunzira chilankhulo china amazolowetsa khutu pomva eni ake akulankhula mwachibadwa. Ndipo makolo ena amapatsa mwana wailesi m'malo mwa foni, kuti amve nyimbo ndi maphunziro popanda zokopa za pa intaneti.

Kodi yopotokola ndi ya manambala apagalasi, yabwino ndi iti?

Yopotokola ndi yosavuta, ndipo yachikale yeniyeni imadya moto wochepa. Vuto lake n'lakuti kamuvi kake sikaloza nambala molondola, ndipo mawu amatha kusuntha pang'ono pakapita nthawi. Ya manambala imapita pa siteshoni ndendende ndipo imasunga masiteshoni amene mumakonda, koma ina imaiwala zonse mukachotsa mabatire. Dziwaninso kuti mawailesi ambiri otsika mtengo a masiku ano amaoneka ngati opotokola chabe pamene mkati muli kachipangizo ka digito. Amenewa mumawazindikira chifukwa mawu amadumphadumpha mukamapotokola m'malo mosintha pang'onopang'ono. Pa FM amagwira bwino ndithu, koma pa AM amavuta kusaka nawo masiteshoni ofooka.

Kodi kutsika mtengo kumatayitsa chiyani?

Kumatayitsa zinthu zitatu makamaka. Sipika yaing'ono situlutsa mawu akuya, choncho ndi yabwino pa nkhani ndi zokambirana kuposa nyimbo zolemera. Wailesi yotsika mtengo imavutikanso kulekanitsa masiteshoni oyandikana manambala, ndipo pafupi ndi mlongoti wamphamvu siteshoni imodzi imatha kumveka malo angapo n'kuphimba zinzake. Pamenepo, modabwitsa, kufupikitsa eliyo ndi kumene kumathandiza. Chachitatu ndi kulimba: eliyo imathyoka pa mfundo yake yapansi, kachitseko ka mabatire kamatayika, ndipo batani la voliyumu limayamba kukanda fumbi likalowa. Eliyo ipindidwe pokankha kuyambira kumunsi gawo ndi gawo, osati podina pansonga.

Nanga zowonjezera monga tochi, sola, Bluetooth ndi chopukusa?

Tochi ndi yothandiza. Malo a memore khadi ndi Bluetooth ndi abwino kwa wofuna nyimbo zake, koma pa zipangizo zambiri zotere wailesi yeniyeniyo imakhala yofooka chifukwa opanga anaika mtima pa zinazo. Kasola kakang'ono ka pamwamba pa wailesi kamangowonjezera moto pang'ono, ndipo kuisiya padzuwa lotentha tsiku lonse kumawononga batire ndi pulasitiki. Wailesi yopukusa ndi dzanja inatchuka chifukwa cha Trevor Baylis wa ku Britain, amene anaipanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 poganizira madera opanda magetsi, ndipo inayamba kupangidwa ku South Africa. Zopukusa za masiku ano zimathandiza pa nthawi ya mavuto, koma kupukusa kumatopetsa, ndipo si njira yodalira tsiku lililonse.

Ndiyang'ane chiyani ndisanagule?

Ngati n'kotheka iyatseni. Yendetsani kuchokera koyambirira mpaka kumapeto kwa FM, ndipo muwerenge masiteshoni amene akumveka bwino, makamaka ofooka, popeza amphamvu wailesi iliyonse imawagwira. Tsitsani voliyumu mpaka pansi kuti muone ngati imatha kumveka motsitsa, chifukwa mawailesi ena amalumpha kuchoka pa zii kufika pa phokoso. Gwedezani wailesi pang'ono: mawu akaduka, ndiye kuti mabatire sakugwira bwino. Yesani bowo la mahedifoni, ndipo onani ngati eliyo imazungulira popanda kugwedera.

Kodi kumvera pa mahedifoni kungawononge makutu?

Kungawononge ngati mawu ndi okwera kwa nthawi yaitali. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa mlungu pa mlingo wa 80 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), ndipo mawu akakwera kuposa pamenepo maola oyenera amachepa msanga. Ngati munthu amene ali pafupi nanu akulankhula koma simukumumva, tsitsani. Poyenda mumsewu wa magalimoto kapena pa njinga, ndi bwino kusatseka makutu onse awiri.

Kodi wailesi yomweyi ingagwire ntchito m'dziko lina?

Pa FM ingagwire pafupifupi kulikonse, koma ku Japan masiteshoni amayambira pa 76 MHz, choncho ambiri singawagwire. Pa AM, masiteshoni a ku Africa, ku Ulaya ndi ku Asia amatalikirana ndi 9 kHz, pamene a ku North ndi South America amatalikirana ndi 10 kHz. Yopotokola yachikale ilibe nazo ntchito zimenezi, koma ya manambala imafuna kusinthidwa, ndipo si onse amene amalola.

Kodi FM siitha posachedwa, wailesi yanga n'kukhala yopanda ntchito?

Dziko la Norway linazimitsa masiteshoni ake akuluakulu a FM mu 2017 n'kusamukira ku wailesi ya digito yotchedwa DAB, ngakhale masiteshoni ena a m'madera anapitiriza pa FM. Maiko angapo a ku Ulaya atsekanso milongoti yambiri ya AM. Koma m'maiko ochuluka FM ikadali njira yaikulu youlutsira mawu, chifukwa mawailesi ake ali kale m'manja mwa anthu ndi m'magalimoto, ndipo kuwasintha onse kungadye ndalama zambiri kwa oulutsa ndi omvera omwe. Wokhala m'dziko limene lalengeza tsiku losamuka afufuze kaye asanagule, ndipo ngati n'koyenera asankhe wailesi yokhala ndi FM ndi DAB pamodzi.